Mlendo, Malire ndi Voti ya Mkhristu: Phunziro Lochokera ku America

Mau oyamba

1. Bungwe lathu la Chilungamo ndi Mtendere landipempha kuti ndilankhule nanu za ulamuliro wabwino, makamaka za funso limene limasautsa akhristu ambiri nyengo ya chisankho ikafika: kodi munthu achite chiyani ngati onse amene akupikisana pa mpando wa pulezidenti sakumufika pamtima? Kuti tilione bwino funsoli, ndasankha chitsanzo cha dziko la United States of America, kumene nkhani ya anthu olowa m'dziko popanda chilolezo yakhala ikukhumudwitsa ovota kwa zaka zambiri. Nkhani ya kutali imatithandiza kuganiza mofatsa chifukwa sitikhala ndi mbali. Tikaimva bwino, tibwerera kwathu kuno kuti tidzifunse tokha.

Gwero la vutoli

2. Malire a dziko la America ndi Mexico ndi aatali makilomita oposa 3,000, ndipo mbali yaikulu ndi chipululu ndi mtsinje wa Rio Grande. Anthu amadutsa pamenepo kuchokera ku Mexico, Guatemala, Honduras, El Salvador, Venezuela, Haiti ndi maiko ena. Ena akuthawa umphawi, ena zigawenga zogulitsa mankhwala ozunguza bongo, ena maboma ankhanza. Palinso ambiri amene analowa ndi ziphaso zoyenera, koma masiku awo atatha sanabwerere kwawo. Kwa zaka zambiri chiwerengero cha anthu onsewa chakhala chikuyerekezedwa kuti ndi 11 miliyoni kapena kuposerapo. Ochuluka mwa iwo akhalako zaka zoposa khumi, ndipo ambiri ali ndi ana obadwira komweko. Ndiwo amathyola zipatso m'minda, kumanga nyumba ndi kutsuka mbale m'mahotela. Mwa antchito khumi olembedwa m'minda ya mbewu, pafupifupi anayi alibe chilolezo.

3. M'chaka cha 1986, Pulezidenti Ronald Reagan anasaina lamulo limene linapereka chilolezo chokhala m'dzikomo kwa anthu pafupifupi 2.7 miliyoni, ndiponso linaika chilango kwa mabwana olemba ntchito anthu opanda ziphaso. Mbali yoyamba inatheka, koma yachiwiri sinatsatidwe mwamphamvu, ndipo anthu anapitiriza kulowa. Kuchokera nthawi imeneyo, Nyumba ya Malamulo ya dzikolo yalephera kupanga lamulo lina lokonza mbali ziwiri zonsezi pamodzi, ndiye kuti kusunga malire ndi kupereka tsogolo kwa amene anakhazikika kale.

Malonjezo ndi kukhumudwa

4. Tiyeni tione mmene opikisana akhala akuchitira. M'chaka cha 2007, Pulezidenti George W. Bush anathandizira bilu yokonza vutoli, imene inachokera pa ntchito ya aphungu awiri a zipani zosiyana, a John McCain ndi a Edward Kennedy. Biluyo inagwa m'nyumba ya Senate. Chaka chotsatira, a McCain akufuna kuimira chipani cha Republican, anaona kuti otsatira chipanicho akwiya, ndipo ananena poyera kuti sangavoterenso bilu yawo yomwe ija. Mnzawo wopikisana naye, a Barack Obama a chipani cha Democratic, analonjeza kuti adzabweretsa lamulo latsopano m'chaka chawo choyamba. Chakacho chinadutsa popanda lamulo, ndipo m'chaka cha 2012 chokha boma lawo linathamangitsa anthu pafupifupi 400,000. Mu 2013 Senate inavomereza bilu ina ndi mavoti 68 kwa 32, koma nyumba inayo ya aphungu sinaivotere n'komwe.

5. Pa chisankho cha 2016, a Donald Trump analonjeza kumanga chipupa m'malire, nati dziko la Mexico ndilo lidzalipire. Mexico sanalipire, ndipo chipupacho sichinathe. Mu 2018 dziko lonse lapansi linaona ana zikwi akulekanitsidwa ndi makolo awo pamalire. A Joe Biden analowa m'boma mu 2021 ndi lonjezo la chifundo, koma m'zaka za 2022 ndi 2023 apolisi a m'malire anagwira anthu koposa ka 2 miliyoni chaka chilichonse, ndipo mizinda ngati New York ndi Chicago inasowa pogoneka alendo. M'mwezi wa June 2022, anthu 53 anafa ndi kutentha atatsekeredwa m'lole pafupi ndi mzinda wa San Antonio. Mu February 2024, aphungu a zipani ziwirizi anagwirizana pa bilu yokhwimitsa malire, koma nayonso inagwa a Trump, amene ankapikisananso, ataitsutsa.

6. Zotsatira zake n'zakuti ovota a mbali zonse anatopa. Amene ankafuna dongosolo pamalire ankaona kuti anamizidwa. Amene ankafuna kuti abale awo apatsidwe ziphaso ankaonanso kuti anamizidwa. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo malonjezo a pamsonkhano wa ndale amakhala otero. Kafukufuku wa bungwe la Gallup anasonyeza kuti mu 2024 anthu 55 mwa 100 alionse ankafuna kuti olowa m'dzikomo achepe. A Trump atapambana chisankho cha November 2024 n'kuyamba kugwira ndi kuthamangitsa anthu mwaunyinji, chiwerengerocho chinatsika kufika pa 30 mu 2025. Izi zikutiuza kuti mtima wa ovota umasintha msanga, ndipo mkwiyo wa tsiku la chisankho si mlangizi wokhulupirika.

7. Nanga n'chifukwa chiyani vuto lodziwika chotere silikutha? Pali zifukwa zitatu zoonekeratu. Choyamba, vuto losatha limabweretsa mavoti, chifukwa wandale amakhala ndi ng'oma yoti aziimba chisankho chilichonse. Chachiwiri, eni minda ndi makampani ena amapindula ndi wantchito woopa kudandaula, amene amalandira malipiro ochepa. Chachitatu, mlendo wopanda ziphaso savota, choncho n'kosavuta kumusenzetsa mlandu wa kusowa kwa ntchito, kukwera mitengo kwa zinthu ndi umbanda. Munthu amene alibe mau ndiye amasanduka mutu wa nkhani, pamene iye mwini safunsidwa kanthu.

Chiphunzitso cha Mpingo

8. Mpingo wa Katolika suli kumbali ya chipani chilichonse pa nkhaniyi. Katekisimu wa Mpingo, pa ndime 2241, amaphunzitsa zinthu zitatu zimene ziyenera kuyendera limodzi. Maiko olemera ali ndi udindo wolandira, monga mmene angathere, mlendo wofuna chitetezo ndi chakudya zimene sangazipeze kwawo. Boma lili ndi ufulu woika malamulo a kalowedwe m'dziko pofuna ubwino wokomera onse. Mlendo naye ayenera kulemekeza chikhalidwe ndi malamulo a dziko limene lamulandira. Wandale amene amatola mfundo imodzi mwa zitatuzi n'kutaya zinazo akutiuza gawo chabe la choonadi.

9. Malembo Oyera ndiwo maziko a chiphunzitsochi. M'buku la Levitiko, mutu 19, Aisraele akukumbutsidwa kuti asazunze mlendo, popeza iwonso anali alendo ku Ejipito. Mthenga Wabwino wa Mateyo, mutu 2, ukutionetsa Banja Loyera likuthawira ku Ejipito usiku poopa Herode. Ndipo m'mutu 25 Ambuye Yesu akutiuza kuti kulandira mlendo kapena kumukana ndi chimodzi mwa zimene tidzaweruzidwe nazo. Ulemerero wa munthu suchokera pa chitupa chimene wanyamula m'thumba. Umachokera kwa Mulungu amene anamulenga m'chifaniziro chake.

10. Abusa a Mpingo sanakhale chete. Mu 2003, maepiskopi a ku America ndi a ku Mexico analemba limodzi kalata yopempha malamulo achilungamo kwa anthu osamuka. Mu February 2016, Papa Francis anapereka nsembe ya Misa mu mzinda wa Ciudad Juárez, pamalire penipeni. Mu September 2024, akuchokera ku Singapore, atolankhani anawafunsa za opikisana awiri a ku America, a Donald Trump ndi mayi Kamala Harris. Apapa anayankha kuti onse awiri akutsutsana ndi moyo, wina pokankhira kunja alendo, wina povomereza kuchotsa mimba. Komabe anaonjezera kuti kusavota si chinthu chabwino, ndipo kuti munthu aliyense afunse chikumbumtima chake n'kusankha choipa chocheperapo. Chisankho chitapita, Mpingo sunatseke pakamwa. Mu February 2025 Papa Francis analembera maepiskopi a ku America kudzudzula kuthamangitsa anthu mwaunyinji, ndipo mu November chaka chomwecho maepiskopiwo, atasonkhana ku Baltimore, anatulutsa uthenga wapadera wokana kuthamangitsa anthu mosasankha.

Nanga kwathu kuno?

11. Abale ndi alongo, tisaganize kuti nkhaniyi ndi ya azungu okha. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. M'midzi yambiri ya ku Mangochi, Mzimba ndi Nkhata Bay, n'kovuta kupeza banja limene lilibe mwana kapena mlamu ku South Africa, ndipo ambiri mwa iwo masiku a m'ziphaso zawo anatha kalekale. Ndalama zimene amatumiza ndizo zimagula malata, feteleza ndi kulipira sukulu fizi. Mu May 2008, anthu oposa 60 anaphedwa m'dzikolo pa zipolowe zodana ndi alendo, ndipo mu 2015 boma lathu linatumiza mabasi kukatenga Amalawi othawa chiwawa cha mtundu womwewo. Wandale wa kumeneko akamaloza chala alendo, amakhala akuloza ana athu.

12. Ifenso ndife olandira alendo. Pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, dziko lathu losaukali linasunga anthu othawa kwawo oposa 1 miliyoni, ndipo mbiri imeneyi ndi ulemu wathu. Koma tilinso ndi zotichititsa manyazi. Msasa wa Dzaleka ku Dowa, umene unatsegulidwa mu 1994 kuti usunge anthu pafupifupi 12,000, unadzaza mpaka kupitirira 50,000. Mu October 2022, m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba munapezeka mitembo pafupifupi 30 ya anthu amene akuganiziridwa kuti anali ochokera ku Ethiopia. Mu May 2023, pokakamiza othawa kwawo kubwerera ku Dzaleka, mazana a anthu, ana omwe, anasungidwa m'ndende ya Maula. Boma lili ndi ufulu wodziwa amene akulowa m'dziko, koma njira yogwiritsira ntchito ufuluwo iyenera kulemekeza munthu. Ndipo tidziwe kuti palibe lole yodzaza anthu imene ingadutse zipata za pamsewu kuchokera ku Karonga mpaka ku Dedza popanda Mmalawi wina kulandira chiphuphu.

Zoyenera kuchita

13. Poona zonsezi, ndikupemphani kuti m'miphakati yathu tikambirane ndi kutsata mfundo izi. Poyamba, kukhumudwa ndi opikisana si chifukwa chokhalira pakhomo tsiku loponya voti. Amene savota amasiya tsogolo la ana ake m'manja mwa ena. Kusankha pakati pa anthu operewera n'kowawa, koma ndi udindo umene sitingauthawe.

14. Chachiwiri, tiyeze wopikisana ndi ntchito zake za m'mbuyo koposa mau ake a pamsonkhano. Kodi ali ndi mphamvu anachitapo chiyani? Kodi zimene akulonjeza zili ndi ndondomeko, ndalama ndi nthawi yake? Kodi amasintha mau akaona kuti mphepo yatembenuka?

15. Chachitatu, tichenjere ndi wandale aliyense amene amatisonkhanitsa potipatsa mdani. Lero mdaniyo ndi mlendo wochokera kunja, mawa adzakhala munthu wa chigawo china, mtundu wina kapena chipembedzo china. Mkwiyo wathu, ngati uli wolungama, upite kwa amene analandira udindo n'kulephera kuukwaniritsa, osati kwa mayi wogulitsa tomato amene anathawa nkhondo.

16. Chachinayi, voti ya mkhristu siimira nkhani imodzi yokha. Tiike pa sikelo moyo wa munthu kuyambira m'mimba mpaka imfa, njala, mankhwala m'zipatala, maphunziro, katangale ndi kasamalidwe ka alendo. Kenaka tipemphere, tifunse chikumbumtima chophunzitsidwa bwino, tisankhe.

17. Chachisanu, udindo wa nzika sutha tsiku la chisankho. Ife Amalawi tinavota pa 16 September 2025, ndipo ntchito yathu tsopano ndi kukumbutsa amene tinawasankha zimene analonjeza. Tiwafunse aphungu ndi makhansala athu za kapezedwe ka mapasipoti, za ntchito za achinyamata kuti asamathawire kunja, ndi za malamulo okhudza othawa kwawo. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo mtsogoleri wanzeru sadana ndi womukumbutsa.

Mau otsiriza

18. Okondedwa mwa Ambuye, dziko la America ndi lolemera ndi lamphamvu, komabe lakhala zaka zonsezi likulephera kugwirizanitsa lamulo ndi chifundo, chifukwa andale anaona kuti kugawa anthu kumapindulitsa koposa kukonza vuto. Ife amene tili ndi ana m'maiko a eni, komanso alendo pakati pathu, tili ndi chifukwa chachikulu chofunira zonse ziwiri: malire osungidwa mwachilungamo, ndi munthu wolemekezedwa kulikonse kumene ali. Tipemphe Mzimu Woyera kuti aunikire atsogoleri athu ndi ife eni ake ovota. Amayi Maria ndi Yosefe Woyera, amene anadziwa kuwawa kwa ulendo wothawa kwawo, atipempherere. Mulungu adalitse inu nonse ndi mabanja anu, ndipo adalitse dziko lathu la Malawi.