FILOSOFI: KUKONDA NZERU NDI PHINDU LAKE PA MUDZI

(Mau olankhulidwa kwa aphunzitsi ndi akuluakulu a m'midzi)

Mau akuti filosofi amveka kawirikawiri pakamwa pa anthu ophunzira, ndipo ambiri a m'midzi powamva ayesa kuti nchinthu cha m'masukulu aakulu okha, chosakhudza munthu wa khasu. Koma sikuli tero ai. Mauwa achokera ku Chigriki, ndipo ali mau awiri olumikizana: "philos," ndiye wokonda, ndi "sophia," ndiyo nzeru. Tsono filosofi ndiko kukonda nzeru. Onse azindikire kuti kukonda nzeru kusiyana ndi kudziyesa wanzeru. Wodziyesa wanzeru aleka kufunsa, koma wokonda nzeru afunsabe kufikira imvi.

Wa zaulimi afunsa kuti chimanga chibzalidwe liti, ndipo dokotala afunsa kuti nthenda iyi mankhwala ake nchiyani. Wa filosofi afunsa mafunso okhala pansi pa onsewo, monga mizu ikhala pansi pa mtengo. Aakulu mwa mafunsowo ndi atatu: Kodi mau awa atanthauzanji? Chadziwika bwanji kuti nchoona? Kodi kuchita kumeneku nkoyenera?

Wofunsafunsa wa ku Athens

Mmodzi wa akuluakulu a filosofi anali Socrates, wa mu mzinda wa Athens, m'dziko la Greece. Atate wake anali wosema miyala, amake anali mzamba. Iye sanalembe buku ngakhale limodzi. Zambiri zodziwika za iye zinalembedwa ndi ophunzira ake, makamaka Plato. Nchito yake inali kuyendayenda pa msika ndi kucheza ndi anthu, nawafunsa mafunso. Anadzifanizira ndi mzamba, pakuti mzamba angothandiza mwini mimba, mwana si wake. Momwemonso iye anathandiza anthu kutulutsa maganizo awo, kuti aone ngati ali amoyo kapena akufa.

Plato asimba kuti tsiku lina Socrates anafunsa Laches, mkulu wa asilikari, kuti kulimba mtima nchiyani. Laches anayankha msanga kuti ndiko kuima nji pa nkhondo osathawa. Socrates anamkumbutsa za asilikari amene abwerera m'mbuyo dala, kenaka natembenuka ndi kugonjetsa adani. Anamkumbutsanso za anthu olimba mtima pa nthenda, pa umphawi ndi panyanja, pamene palibe nkhondo konse. Pamenepo mkulu uja anaona kuti mau amene anali kuwatchula moyo wake wonse sanathe kuwamasulira.

Mafunso otere anapsetsa mtima anthu ena amphamvu. M'chaka cha 399 Khristu asanabadwe anamuimba mlandu wakuti asokeretsa anyamata, ndi kuti salemekeza milungu ya mzindawo. Oweruza, anthu ngati 500, anagamula kuti afe pakumwa chiphe. Abwenzi ake anamkonzera njira yothawira m'ndende, koma iye anakana kubwezera choipa pa choipa ndi kuswa malamulo a mzinda umene unamlera. Anamwa chikhocho ali wa zaka ngati 70.

Funso loyamba: mau atanthauzanji?

Zimene anachita Socrates pa msika zichitikanso pa bwalo la mudzi. Anthu awiri akangana za munda, ndipo yense ati, "Munda ndi wanga." Nyakwawa yanzeru siithamangira kugamula, iyamba yafunsa kuti "wanga" ameneyo atanthauzanji. Pofufuza kupezeka kuti woyambayo anena kuti amalume ake ndiwo anaswa mphanje, pamene wachiwiri anena kuti waulima zaka 10 chibwerekere, nabzalamo ndi mitengo ya mango. Onse awiri anena zoona, koma mau amodzi awasenzetsa akatundu awiri. Zikatero mlandu wapepuka, pakuti tsopano bwalo lidziwa chimene liweruza: kodi kulima nthawi yaitali kusandutsa wobwereka kukhala mwini, nanga mitengo ija ikhala ya yani? Nyakwawa imeneyo ichita filosofi, ingakhale sinamvepo dzina la Socrates.

Funso lachiwiri: chadziwika bwanji?

Funso ili ndilo lingathe kupulumutsa moyo wa munthu. Mwana atentha thupi masiku atatu, namwalira. Pa maliro wina akumbukira kuti sabata yatha nkhalamba ina inakangana ndi amake mwanayo pa chitsime. Mphekesera iyenda nyumba ndi nyumba, ndipo pofika madzulo anyamata atola kale miyala. Wokonda nzeru aimirira nafunsa: "Kodi chadziwika bwanji? Anaona ndani?" Zoonadi mkangano unayamba, imfa nitsata, koma chinthu chikatsata chinzake si kuti chabadwa mwa icho. Tambala alira, kunja nkucha, koma si tambala atulutsa dzuwa. Ndi angati anakangana pa chitsime chomwecho, ana awo osadwala? Ndi ana angati anamwalira ndi malungo popanda mkangano uli wonse?

Kulakwa kotere si kwa anthu a kuno okha. Azungu akale poona kuti okhala pafupi ndi madambo adwala malungo, anati nthendayi idza ndi mpweya woipa wa m'madambomo. Dzina lakuti "malaria" lichokera ku mau a Chitaliyana otanthauza mpweya woipa. Anakhulupira tero zaka mazanamazana. Koma mu 1897, ku India, dokotala Ronald Ross anapeza tizirombo ta malungo m'mimba mwa udzudzu, ndipo kunadziwika kuti m'dambo choopsa ndi udzudzu umene uswana m'madzi oima.

M'dziko muno lamulo la 1911 linaletsa kumwetsa mwabvi ndi kutchula munthu mfiti. Koma lamulo liri m'buku ku boma, pamene miyala iri m'manja pa mudzi. Chopulumutsa nkhalamba ija usiku umenewo ndiye munthu mmodzi wolimba mtima, wofunsa poyera pamaso pa gulu. Akale anati, safunsa anadya phula.

Funso lachitatu: kodi nkoyenera?

Aristotle, wophunzira wa Plato, wobadwa m'chaka cha 384 Khristu asanabadwe, anaphunzitsa kuti khalidwe labwino kawirikawiri lipezeka pakati pa zolakwa ziwiri. Kulimba mtima kuli pakati pa mantha ndi kudziponya m'ngozi mosaganiza. Kuolowa manja kuli pakati pa kuumira ndi kumwaza. Mlimi akumana ndi phunziro ili chaka ndi chaka. M'masika nkhokwe yadzaza, ogula afika ndi sikelo, abale apempha, mowa uphikidwa. Womwaza agulitsa ndi kugawa zonse, ndipo m'dzinja agula chimanga chomwecho pa mtengo wokwera, ana ake akugona ndi njala. Woumira atseka nkhokwe, mlongo wake wamasiye nabwerera ndi lichero lopanda kanthu. Wokonda nzeru ayamba wawerenga pakamwa pa m'nyumba mwake ndi miyezi yotsala kufikira zokolola zina, kenaka napatsa woyenera, pa nthawi yoyenera, muyeso woyenera. Aristotle ananenanso kuti khalidwe lidza ndi chizolowezi: munthu akhala wolungama pakuchita zolungama masiku onse.

Makolo a kuno anaganizira zomwezi, nazitcha umunthu, nazisunga m'miyambi monga uwu: kali kokha nkanyama, tiri tiwiri ntianthu. Koma miyambi yokha siikwanira, popeza nthawi zina itsutsana. Pa bwalo mkulu ati, "Mau a akuluakulu akoma akagonera," mnyamata nayankha, "Tsobola wakale sawawa." Yonse iwiri ndi ya makolo. Kusankha mwambi woyenera mlandu wa lero, ndi kupereka chifukwa chomveka, ndiyo nchito ya filosofi.

Mau kwa aphunzitsi

Ku Yunivesite ya Malawi, ku Zomba, filosofi iphunzitsidwa monga phunziro lapalokha, koma mbeu yake ibzalidwa m'sukulu ya pa mudzi. Mwana wofunsa kuti "Chifukwa ninji?" asayesedwe wamwano. Mwana akayankha bwino, mphunzitsi angachite bwino kumfunsanso kuti, "Wadziwa bwanji?" kuti aphunzire kusiyanitsa chimene waloweza ndi chimene wamvetsa. Ndipo mphunzitsi akafunsidwa chimene sachidziwa, avomere poyera, nafufuze pamodzi ndi anawo.

Pali chenjezo limodzi. Filosofi si makani. Wamakani afuna kupambana, wokonda nzeru afuna choona, ndipo mnzake akampatsa chifukwa cholimba asintha maganizo ake wopanda manyazi. Afunsa mwaulemu, ayembekeza yankho, nalola kuti nayenso afunsidwe.

Tsono pa bwalo, pa maliro, pa nkhokwe ndi m'kalasi, munthu asanatsegule pakamwa kapena kutambasula dzanja, ayambe wakumbukira mafunso atatu aja. Safuna ndalama kapena satifiketi, afuna kudekha kokha. Ndipo kuona maso a nkhono nkudekha.