Kalumikizidwe ka Magetsi a Dzuŵa pa Nyumba

Lero tikambirana za magetsi a dzuŵa, amene timangoti sola.

Mukukumbuka chaka cha 2022, pamene namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi ku Kapichira, pa mtsinje wa Shire. Ngakhale a m'tauni ankagona mu mdima. Koma dzuŵa silinathime. Masiku ano maanja ambiri akusunga ndalama zothyolera tiyi kuti agule sola. Ndalama zimenezi ndi za thukuta. Waya mmodzi wolakwika angathe kuzitentha tsiku limodzi.

Zipangizo zake zilipo zinayi. Panelo imakolola mphamvu ya dzuŵa. Batire limasunga mphamvuyo. Kontirola imakhala pakati pa ziŵirizi ngati mlonda, kuti batire lisadzaze mopitirira. Inveta imasandutsa mavolti 12 a batire kukhala 230, monga a ESCOM, kuti wailesi yakanema iyake.

Nanga mukakhala ndi mapanelo aŵiri, mulumikiza bwanji? Njira zilipo ziŵiri.

Njira yoyamba ndi ya mndandanda. Waya wa + wa panelo yoyamba umapita ku − ya panelo inzake, monga anthu ogwirana manja. Pamenepa mavolti amaphatikizana. Panelo ya batire la mavolti 12 imatha kutulutsa pafupifupi 22. Aŵiri pamodzi ndi 44. Ngati pa kontirola yanu palembedwa 25, ipsa basi. Dziŵaninso kuti mthunzi wa mtengo wa mapeyala ukagwa pa panelo imodzi, mndandanda wonse umafooka.

Njira yachiŵiri ndi yolumikiza + ndi + mnzake, − ndi − mnzake, monga timitsinje tiŵiri tothira mu mtsinje umodzi. Mavolti amakhalabe 22, koma magetsi oyenda mu waya amachuluka kaŵiri. Apa pafunika waya wonenepa. Waya woonda umatentha, ndipo ungayatse denga la udzu.

Tsopano inu mumadziŵa kuŵerenga. Tembenuzani panelo. Kumbuyo kwake kuli kapepala. Funani malembo akuti Voc, muŵerenge nambala yake. Ŵerenganinso nambala ya pa kontirola. Ya pa kontirola ikhale yaikulu ndithu, chifukwa m'maŵa mozizira, kunja kukayera, mavolti a panelo amakwera.

Polumikiza tsatani ndondomeko iyi:

1. Fundikani mapanelo ndi chiguduli.
2. Lumikizani batire ku kontirola poyamba.
3. Kenaka lumikizani mapanelo ku kontirola.
4. Inveta ilumikizidwe ku batire ndi mawaya aafupi, onenepa. Musailumikize ku panelo ayi.
5. Ikani fyuzi pa waya wofiira, pafupi ndi batire.

Waya wofiira ndi wa +, wakuda ndi wa −. Musasinthanitse. Pomasula, yambani ndi mapanelo, batire pomaliza.

Pa denga mapanelo ayang'ane kumpoto, pakuti miyezi yozizira dzuŵa limadzera kumeneko. Kuno ku Thyolo timadziŵa chiperoni cha mu June ndi July. Masiku amenewo batire silikhuta. Yatsani nyali ndi kutchaja foni, zina zidikire. Ketulo ndi simbi ya magetsi zimamaliza batire msanga.

Pali mainveta ena aakulu amene amalandira mndandanda wa mapanelo ambiri. M'mawaya ake mumayenda mavolti mazanamazana, ndipo amapha munthu. Amenewo musawakhudze. Itanani mmisiri amene ali ndi chiphaso cha bungwe la MERA, ndipo mumuuze akuonetseni chiphasocho. Magetsi otuluka mu inveta yaing'ono nawonso amapha. Ana asaseŵere nawo.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Musanagwire waya, ŵerengani kapepala kaja. Pamene simunamve, funsani.