KATSABOLA PAKATI PA ANA A SUKULU

Mau onenedwa pa msonkhano wa aphunzitsi ku Mandevu, Lusaka

Nkhani ya lero iri ya nthenda imene aphunzitsi a ana ang'ono aidziwa bwino, ndiyo nthenda ya katsabola, imene pa Cingerezi achula chickenpox. Ana ambiri oidwala acira okha pasanathe masabata awiri, ndipo cifukwa ca ici anthu aipeputsa. Koma m'kalasi momwemo mungakhale mwana mmodzi amene nthendayi ingamuphe, ndipo kunyumba kwa ana kungakhale mai wapakati kapena khanda la masiku owerengeka. Tsono nchito ya mphunzitsi iri pawiri: kuthandiza ana ambiriwo kuti acire bwino opanda zipsera, ndi kuchinjiriza owerengeka aja amene ali pangozi.

Ciyambi ca nthendayi ndi mafalidwe ace

Nthenda ya katsabola idza ndi kacirombo kosaoneka ndi maso, ka mtundu uja achula vairasi. Kacirombo kameneka kayenda mumpweya pamene wodwala atsokomola, ayetsemula, kapena angopuma, ndiponso kakhala m'madzi a m'matuza. Mwana akakatenga sadwala msanga ai, koma papita masiku 10 kufikira 21, ndipo kawirikawiri ali masabata awiri. Cobvuta ncakuti wodwala ayamba kupatsira anzace tsiku limodzi kapena awiri matuza asanaoneke, pamene iye mwini akali kusewera pabwalo, ndipo apitiriza kupatsira kufikira matuza onse atauma.

M'nyumba imodzi, mwa ana 10 amene sanadwalepo, pafupifupi 9 angatenge nthendayi kwa mbale wao. Ici cimveka bwino kwa ali yense wodziwa Mandevu, Chaisa, Marapodi ndi komboni ya Chipata, kumene mabanja ambiri agona m'cipinda cimodzi kapena ziwiri, ndipo ana a nyumba zingapo asewera pabwalo limodzi.  

Kuyambira mu 2022, pamene Boma linacotsa malipiro a sukulu, ana anacuruka ndithu m'makalasi, kotero kuti m'masukulu ambiri akhala mopanikizana pa desiki limodzi. Aphunzitsi a kumidzi asayese kuti nkhaniyi iri ya m'tauni mokha, pakuti pa nthawi ya chuti ana ayenda pa mseu wa Great East kukaona agogo ao ku Petauke, Katete ndi Lundazi, ndipo mwana angacoke ku Lusaka ali bwino, nadzadwala atafika kumudzi.

Kuzindikira nthendayi

Mwana ayamba ndi kutentha thupi pang'ono, kulefuka, ndi kukana cakudya. Pamenepo pacifuwa, pamsana, kumaso ndi m'mutu paturuka timadontho tofiira, timene posacedwa tisanduka matuza okhala ndi madzi oyera, oyabwa kwambiri. Matuzawo aphulika nauma, nasanduka nkhanambo. Cizindikiro ceniceni ndi ici: pa thupi limodzi pa tsiku limodzi pangaoneke madontho atsopano, matuza a madzi, ndi nkhanambo zouma, zonse pamodzi, pakuti zituruka m'magulumagulu kwa masiku angapo. Mwana mmodzi angakhale ndi matuza 250 kufikira 500, ena m'kamwa momwe.

Mphunzitsi sali dokotala, koma ayenera kudziwa nthenda zina zimene anthu azisokoneza ndi imeneyi. Cikuku cidza ndi cifuwa, cimfine, maso ofiira ndi thupi lotentha kwambiri, ndipo zidzolo zace ziyamba kumaso ndi kuseri kwa makutu, zopanda madzi m'kati. Cikuku ciri coopsa koposa, ndipo katemera wace apatsidwa kusikelo mwana ali ndi miyezi 9, ndiponso ali ndi miyezi 18. Mphere ziyabwa makamaka usiku, zikonda pakati pa zala ndi m'ciuno, ndipo sizitenthetsa thupi. Palinso nthenda ya mpox, imene inapezeka koyamba m'Zambia mu October 2024. Matuza ace ali olimba ndi opweteka, aturuka ngakhale m'zikhato ndi kuphazi, ndipo wodwala atupa mwanabere m'khosi, m'khwapa kapena m'mphecepece. Mphunzitsi akaganizira cikuku kapena mpox auze a kucipatala tsiku lomwelo.

Agogo ena akaona matuza akumbuka nthomba, imene inapha anthu ambiri m'masiku akale, nacita mantha. Awa atonthozedwe mtima. Dokotala wa ku England, William Heberden, anasonyeza kale mu 1767 kuti nthendazi ziri ziwiri zosiyana. Munthu wotsiriza kutenga nthomba mwa njira ya cibadwidwe anadwala ku Somalia mu 1977, ndipo mu 1980 bungwe loyang'anira umoyo pa dziko lonse linalengeza kuti nthomba yatha.

Zoyenera kucita kusukulu

Mphunzitsi akaona matuza pa mwana, amuitane pambali mwakacetecete, osamcititsa manyazi pamaso pa anzace, ndipo atumize mau kwa makolo kuti adzamtenge. Mwanayo akhale kunyumba kufikira matuza onse atauma ndi kusanduka nkhanambo, ndiko kunena masiku 5 kufikira 7 cionekere matuza oyamba. Nkhanambo zikauma abwere kusukulu, ngakhale zisanakanganuke ndipo zipsera zikali kuoneka, pakuti pamenepo sapatsiranso munthu. Kumsunga mwana kunyumba mwezi wathunthu cifukwa ca zipsera kuli kumtayitsa maphunziro pacabe, ndipo ana ena akajomba nthawi yaitali sabweranso konse.

Mphunzitsi alembe m'kaundula tsiku limene matuza anaoneka, pakuti tsikulo limuuza nthawi yoyembekezera odwala ena. Mwacitsanzo, ngati mwana woyamba anaturutsa matuza pa 3 June ali kusukulu, anzace amene anawapatsira adzayamba kudwala pakati pa 11 ndi 24 June. M'masiku amenewo ayang'ane ana m'mawa pofola, makamaka m'khosi ndi kumaso, atsegule mazenera onse, ndipo auze a mphunzitsi wamkuru kuti makolo a kalasi lonse adziwitsidwe. Kutseka sukulu sikuthandiza kweni kweni, popeza nthendayi ikhala itafala kale isanaoneke.

Zoyenera kuuza makolo

Mankhwala a mtundu wa penisilini sapha vairasi, cotero kugula makapusozi pamsika kuli kutaya ndalama ndi kuononga thupi la mwana. Cofunika ndico kucepetsa kuyabwa ndi kusunga khungu laukhondo. Alipo makolo amene akhulupirira kuti mwana wa katsabola asasambe kufikira atacira. Maganizo amenewa ali olakwa, pakuti litsiro ndi thukuta ndizo zisandutsa matuza kukhala zironda. Mwana asambe tsiku ndi tsiku ndi madzi ofunda pang'ono ndi sopo, osamkhula ndi mwala kapena cinkhupule, ndipo pompukuta angomgunda pang'onopang'ono ndi nsaru yoyera imene wina sagwiritsa nchito. Kumene madzi agulidwa ndi cigubu, beseni laling'ono ndi kansaru zikwanira.

Zikhadabo za mwana ziwengedwe, pakuti kukanda ndiko kulowetsa tizirombo tina m'khungu ndi kusiya zipsera zosatha. Khanda libvekedwe masokosi oyera m'manja usiku. Mankhwala odzola achula calamine aziziritsa khungu, ndipo kucipatala angapereke ena akumwa oletsa kuyabwa. Phulusa, dothi, parafini, mafuta a galimoto ndi mankhwala otsukira mano zisapakidwe pa matuza, ndipo matuzawo asaboolewe ndi singano kapena munga. Mwana amwe madzi kawirikawiri, adye phala losatentha ndi zakudya zofewa zopanda tsabola ngati m'kamwa muli zironda, ndipo woyamwa apitirize kuyamwa.

Pali cenjezo limodzi loposa onse. Mwana wa katsabola asapatsidwe asipirini. Mu 1963 dokotala wa ku Sydney, Douglas Reye, pamodzi ndi anzace, anafotokoza nthenda yotupitsa ubongo ndi kuononga ciwindi ca ana, ndipo pambuyo pace kunadziwika kuti igwera makamaka ana amene amwa asipirini podwala katsabola kapena cimfine cacikuru. Mapiritsi ena a mutu ogulitsidwa pa tuntemba ali ndi asipirini m'kati, ngakhale dzina lace pa pepala liri lina. Brufen nayenso apewedwe, pakuti ana omumwa pa nthendayi abvutika kawirikawiri ndi zironda zoopsa za pakhungu. Thupi likatentha, mwana apatsidwe Panado yekha, monga mwa muyeso umene anamwino anena wolingana ndi msinkhu wace.

Amene ali pangozi

Gulu loyamba ndilo la amai apakati amene sanadwalepo nthendayi. Iwo angadwale cibayo coopsa, ndipo nthendayi ikawagwira m'miyezi isanu yoyamba, nthawi zina ipundula mwana ali m'mimba. Ikawagwira masiku 5 asanacire kapena masiku 2 atacira, khandalo lingadwale kwambiri. Mphunzitsi wamkazi wapakati amene sakumbuka kuti anadwalapo apite kucipatala msanga akamva kuti nthendayi yalowa m'kalasi mwace, osayembekeza matuza.

Gulu laciwiri ndilo la ana amene thupi lao liri lofooka pakulimbana ndi matenda: amene ali ndi HIV, makamaka osamwa mankhwala ao mokhulupirika, amene alandira mankhwala a khansa, ndi onyentchera ndi njala. Kwa otere alipo mankhwala achula aciclovir, amene agwira nchito bwino akayambidwa tsiku loyamba la matuza. Cifukwa cace kucedwa kuli koipa. Kawirikawiri mphunzitsi sadziwa kuti mwana wotere ndi uti, ndipo sikuli kwa iye kufunsa pagulu. Cimene angacite ndi kuuza makolo onse mau amodzi: kuti mwana ali yense wakumwa mankhwala a masiku onse, kapena wodwaladwala, apite naye kucipatala akangomva kuti nthendayi iri m'kalasi. Potero cinsinsi ca banja cisungika, ndipo mwana apulumuka.

Akulu amene sanadwale ali ana adwala koposa ana. Ndiponso kacirombo kameneka sikacoka m'thupi munthu akacira. Kagona m'mitsempha zaka zambiri, ndipo pa ukalamba kapena thupi likafooka kadzuka ndi matuza opweteka ngati moto mbali imodzi ya thupi, nthenda imene kucipatala achula shingles. Agogo odwala cotero angapatsire katsabola kwa mdzukulu amene akhudza matuzawo, cotero awaphimbe ndi nsaru ndipo asanyamule khanda.

Katemera wa katsabola alipo. Anampanga Michiaki Takahashi ku Japan mu 1974, ndipo ku United States anayamba kupatsa ana mu 1995. Koma iye sali pa mndandanda wa akatemera amene ana alandira kusikelo m'Zambia, cotero khadi la kusikelo lodzaza bwino silichinjiriza mwana ku nthendayi.

Zizindikiro zofuna cipatala msanga

Mwana apite kucipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku, akaoneka ndi cimodzi ca izi: kupuma mobvutika kapena mofulumira, thupi lotentha kupitirira masiku anai, kapena lotenthanso litazizira kale, khungu lozungulira matuza lofiira, lotupa, lotentha, kapena loturutsa mafinya, kusanza kosalekeza, kugona kosadzutsika, kubwebweta, kukomoka, kuuma khosi, kapena kuyenda dzandidzandi, matuza a magazi, matuza a m'diso, kukana kumwa ndi kusakodza tsiku lonse. Khanda losafika mwezi umodzi lipite ngakhale liri ndi matuza owerengeka okha.

Kwa anthu a ku Mandevu kiliniki iri pafupi, ndipo matenda akakula ziripo zipatala za ku komboni ya Chipata ndi ku Matero, ndiponso cipatala ca ana ca ku UTH. Wofika ndi mwana wa matuza auze anamwino pakhomo pomwe, kuti asakhale pa benchi limodzi ndi amai apakati ndi makanda. Kumidzi, kumene cipatala ciri ulendo wa maora ambiri pa njinga kapena pa ngolo, makolo anyamuke pa cizindikiro coyamba dzuwa likali m'mwamba, osati kuyembekeza kuti aone m'mene kudzacere.

Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mauwa agwera mphunzitsi koposa munthu wina ali yense, pakuti ndiye aona ana makumi ambiri m'mawa uli wonse, ndipo makolo amvera mau ace. Tsono mphunzitsi ali yense pobwerera kusukulu kwace akapatule mphindi zowerengeka pa msonkhano wa makolo wotsatira, akawafotokozere za kusamba, za kuwenga zikhadabo, za asipirini, ndi za zizindikiro zofuna cipatala, nthendayi isanalowe m'mudzi. Ambuye adalitse nchito ya aphunzitsi onse ndi ana amene awasamalira.