MANDA ASANU A KU CAPE MACLEAR

Mafumu, aphunzitsi ndi inu nonse a m'midzi, tamverani mbiri ya manda akale amene ali patsinde pa phiri ku Cape Maclear, m'boma la Mangochi, kufupi ndi nyanja. Mandawo ndi asanu okha, koma ali ndi mau kwa munthu ali yense wodziwa kuwerenga.

M'caka ca 1875, mwezi wa October, sitima yaing'ono dzina lake Ilala inalowa m'nyanja itanyamula amishoni a ku Scotland, ndipo mmodzi wa iwo anali Dotolo Robert Laws. Atapatsidwa malo ndi Mfumu Mponda, anamanga mudzi wao nauca Livingstonia, kukumbukira David Livingstone. Malowo anawakonda cifukwa ca dooko labwino loimikapo sitima, koma sanadziwe kuti malungo anali oopsya kumeneko.

Woyamba kugona m'mandamo anali Dotolo William Black, amene anafika mu 1876 namwalira ndi malungo mu 1877. Caka comweco anamwaliranso Shadrach Ngunana, munthu wakuda wocokera ku sukulu ya Lovedale ku South Africa, amene ankaphunzitsa ana pa mishonipo. Iye anabwera pamodzi ndi anzake atatu, mmodzi wa iwo William Koyi. Motero mzungu ndi wakuda anagona pa malo amodzi, popeza nchito yao inali imodzi. Mu 1880 anaikidwanso George Benzie, woyendetsa Ilala, ndi John Gunn.

Kufikira 1881 manda anali asanu, koma munthu wobatizidwa anali mmodzi yekha, ndiye Albert Namalambe. Caka cimeneco amishoni anasamukira ku Bandawe, ndipo mu 1894 anakwera ku Khondowe, kumene kuli Livingstonia lero. Namalambe ndiye anatsala kuyang'anira nchito ku Cape Maclear.

Masiku amenewo anthu, ngakhale madotolo, ankayesa kuti malungo amadza ndi mpweya woipa wa m'madambo. Zakuti udzudzu ndiwo umafalitsa nthendayi zinadziwika mu 1897, pamene Ronald Ross anapeza tizirombo take m'mimba mwa udzudzu ku India. Ena mwa anthu aja anafa cifukwa ca cinthu cimene mwana wa sukulu akucidziwa lero.

Tsono maina ao tikuwadziwa bwanji? Ndi cifukwa cakuti wina anawalemba, ndipo ena analambula mandawo. Nanga pa chalichi canu cakale, kodi mphunzitsi woyamba anagona pati? Nanga mkulu wa mpingo amene anaumba njerwa zoyamba? Manda ambiri otere alibe mwala, ndipo owadziwa ndi nkhalamba zowerengeka.

Aphunzitsi, pemphani cilolezo kwa amfumu ndi akulu a mpingo, mupite ndi nkhalambazo kumanda zisanatsikire kuli cete. Zikulozereni mtumbira uli wonse, inu mulembe dzina, mudzi ndi caka m'buku losungidwa ku chalichi. Udzu ukamera ndi mvula zitatu, dzina losalembedwa latayika.