CIDENDENE CIKATUPA, KUMBUKIRANI MSANA

Lero tiyamba ndi phazi, ngakhale kuti nthenda imene ndifuna kukamba imakhala ku msana.

Munthu akamva kuwawa ku cidendene amanena nsapato, kapena ulendo wautali umene anayenda dzulo, ndipo kawirikawiri amanena zoona. Koma kulinso kuwawa kwina kosacokera ku ulendo. Kumagwira anthu osafika zaka 45, makamaka anyamata ndi atsikana a zaka 20 kapena 30. Munthu adzuka m'mawa, aponda pansi, namva ngati waponda munga. Kumbuyo kwa cidendene, pamene mtsempha waukulu wocokera ku katumba umagwira fupa, patupa ndi kutentha. Kwa ena cala cimodzi ca kuphazi cimatupa conse, kuyambira patsinde kufikira kunsonga. Miyezi ipita, osacira.

Tsono munthu wotere adzifunse za msana wace. Kodi umauma m'mawa koposa mphindi 30? Kodi umamdzutsa usiku tambala asanalire? Msana wa munthu wotopa ndi khasu umapeza bwino akagona. Uwu ndi wosiyana: kugona kumaukulitsa, kuyenda ndi kugwira nchito kumaupepuza. Cizindikiro cimeneci ndico cacikuru. Ndiyo nyamakazi ya msana, imene madotolo amaicha ankylosing spondylitis. Thupi limadzicititsa lokha cotupa pa malo amene mitsempha imalumikizana ndi mafupa, ndipo cifukwa cace phazi ndi msana zimadwalira pamodzi. Ikakhalitsa, kwa ena mafupa a msana amagwirana nauma ngati nsungwi, kotero kuti munthu sathanso kuwerama kapena kuceuka. Kwa enanso diso limafiira ndi kuwawa poona kuwala. Pamenepo musagone, pitani ku cipatala tsiku lomwelo.

Kale madotolo ambiri anayesa kuti matenda a mtundu uwu sapezeka kwenikweni kuno kwathu, popeza cobadwa naco cina ca m'magazi cochedwa HLA-B27, cimene anacipeza m'caka ca 1973 kuti cimayenda ndi nthendayi, ncosowa pakati pa anthu a kuno. Koma m'caka ca 1998 madotolo a ku Lusaka analemba kuti anali kuona odwala ambiri otupa zidendene ndi mfundo, ndipo ocuruka mwa iwo anali ndi kacirombo ka HIV. Motero dotolo akakupemphani kuyeza magazi musakhumudwe ai. Adzafunsanso ngati munatsegula m'mimba posacedwa, kapena munadwala nthenda yopatsirana pogonana, pakuti zimenezi nazo zimautsa nyamakazi yofanana nayo.

Mankhwala ocotseratu nthendayi kulibe, koma oigonjetsa alipo. Ambiri amathandizidwa ndi mankhwala ocepetsa kutupa onga ibuprofen, pomwa monga wanenera dotolo, pamodzi ndi kuongola thupi masiku onse ndi kuleka fodya. Kutema mphini pa cidendene sikufika kumene kuli nthenda.

Colakwa cimene ambiri amacita ndi ici: afika kwa dotolo, aonetsa phazi lokha, za msana osachula, poganiza kuti ndi nkhani ina. Mukapita, nenani zonse ziwiri, ndi mwezi umene ciriconse cinayamba. Gonani bwino nonse.