Jacques Villon: Mmisiri Amene Anatchuka Atakalamba

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Moyo wa Jacques Villon, mmisiri wojambula zithunzi wa ku France, ukuchitira umboni mawu amenewa.

Iye anabadwa m'chaka cha 1875 m'tauni ya Damville, ndipo dzina lake lenileni linali Gaston Duchamp. Agogo ake, a Émile Nicolle, ndiwo anamphunzitsa kuzokota chithunzi pachitsulo cha kopa, kuchipaka inki ndi kuchidinda papepala. Mnyamatayo anayamba maphunziro a zamalamulo, koma mtima wake unali pa zojambula. Tsono anasiya maphunzirowo, nadzitcha Jacques Villon, nayamba kujambula zithunzi zoseketsa m'manyuzipepala a mu mzinda wa Paris.

M'chaka cha 1906 anasamukira ku Puteaux, kunja pang'ono kwa Paris. Kumeneko iye ndi abale ake awiri, Raymond ndi Marcel, ankasonkhana ndi amisiri anzawo kukambirana za kajambulidwe katsopano kotchedwa Cubism. M'kajambulidwe kameneka mmisiri amagawa nkhope, nyumba kapena mtengo m'tizigawo tamakonamakona, kuti woona aone mbali zingapo za chinthucho nthawi imodzi. Gululi linaonetsa ntchito zake mu 1912 pa chionetsero cha Section d'Or, ndipo mu 1913 zithunzi za Villon zinagulidwa pa chionetsero cha ku New York.

Koma nkhondo ya 1914 inadula zonsezi. Villon anapita kunkhondo, ndipo mng'ono wake Raymond anamwalira mu 1918 ndi matenda amene anawatenga ali msilikali. Mtendere utabwera, umphawi unamkakamiza kutha zaka zambiri akuzokota ndi kudinda zithunzi za amisiri ena, monga Matisse ndi Picasso, kuti apeze chakudya. Dzina la Marcel linamveka kutali, pamene mkulu wakeyo anali ngati woiwalika. Komabe sanataye burashi yake.

Zinthu zinasintha mu 1944, pamene wogulitsa zithunzi wina, Louis Carré, anaonetsa ntchito zake ku Paris. Mu 1950 analandira mphotho ya Carnegie ku America, ndipo mu 1956, ali ndi zaka zoposa 80, anapatsidwa mphotho yaikulu pa chionetsero cha ku Venice. Anakonzanso mawindo a magalasi amitundumitundu m'tchalitchi chachikulu cha ku Metz, amene alipo mpaka lero.

Villon anamwalira mu 1963 ku Puteaux komweko, kumene anagwira ntchito mwakachetechete zaka zoposa 50.