Tsiku Limene Nsima Inanditsatira ku Bawo

Anamkungwi anamaliza zawo usiku wathawu, ndipo poona mmene akwatiwa akuyang'anira pansi, ndiye kuti mawu analowa. Ine za kuchipinda sindifikako. Za ulemu kwa apongozi, za pamaliro, za kulandira alendo, nonse awiri munakulira momwemo. Sindingakutafunireni chimanga muli ndi mano.

Iwe mphwanga, dzutsa mutu undiyang'ane. Suti yobwerekayo isakunamize. Ndine ndinakukokera ku Sitandade 1 ukulira, kabudula atang'ambika kumbuyo. Inu mayi, takulandirani. Mwalowa m'banja la anthu olongolola, ndipo mkulu wa olongololawo ndi amene waima panoyu, choncho khalani bwino pampandopo.

Za abale ndidutsa msanga. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma mukadzaona mame afika ndi chikwama chachikulu, mwezi n'kutha osatchula za ulendo, wofunsa akhale mwini m'bale. Iwe ufunse ako, mayiwa afunse awo, musatumane. Za ndalama, fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Ndalama imene abwana angolonjeza musaitengere sofa pangongole. Zimenezo ndatha.

Chimene ndasenza kuchokera ku Bangwe ndi nkhani ya kutopa. Mayiwa ndi namwino, sabata zina amagona kuchipatala. Iwe umawerengera anthu ndalama mu ofesi, ndipo mwezi ukamatha ngakhale mayi ako sakupeza pa foni. Nonse muzifika pakhomo muli wefuwefu, aliyense akuganiza kuti wotopa ndi iye yekha. Matenda amenewa ine ndinawadwala, ndipo anatsala pang'ono kunditayitsa azakhali akowa.

Tinakwatirana mu 1984. Ine ndinali kalaliki pa kampani ina ya fodya ku Limbe, wolemba manambala a mabelo. Msika ukatsegulidwa mu Epulo, munthu sunkakhalanso wa kwanu mpaka cha mu Seputembala. Kuyambira 1990, boma litalola alimi a m'midzi kulima fodya wa bale amene kale ankalimidwa m'maesiteti mokha, mabelo anachuluka chaka ndi chaka, koma manja olemba anali omwewo. Malole ndandanda mpaka kumsewu. Fumbi la fodya m'maso, m'mphuno, ukayetsemula zotuluka zakuda. Ukangosokoneza nambala imodzi, mlimi amene wagona masiku atatu pansi pa lole akukulirira uku, bwana akukutukwana uku. Tinali ndi bwana wina, Mulungu amukhululukire, ankakuitana ndi chala ngati nkhuku. Ndinkanyamuka 5 koloko m'mawa wapansi, kuweruka kutada.

Ndiye mukuganiza ndinkapita kunyumba? Ayi. Panjira panali mtengo wa mango, pansi pake pali bawo ndi koloboyi. Maenje 32, nkhomo 64, ndipo palibe nkhomo imene inandifunsapo za lendi. Ndikakhala pamenepo n'kuyamba kutakata, mawu a bwana uja ankazilala m'mutu. Ndinkadziuza kuti ndikungochotsa fumbi, masewero awiri basi. Amene amadziwa bawo akuseka, chifukwa akudziwa kuti masewero awiri kulibe. Ukaluza umafuna kubwezera, ukapambana mnzako sakulola kudzuka.

Kenako kunabwera 1993, chaka cha referendamu ya pa 14 Juni, ya nyali ndi tambala wakuda. Ana inu simungamvetse. Anthu amene zaka zonse tinkanong'onezana tinayamba kulankhula mokweza, ndipo pansi pa mango paja panasanduka nyumba ya malamulo. Ndinkafika kunyumba cha m'ma 11 usiku, chiperoni chili mbuu, nsima itauma m'mbale. Azakhali akatsegula pakamwa, ine yankho linali limodzi: "Ndatopa." Mwana akadwala, ndatopa. Denga likudontha, ndatopa. Mawu amenewa ndinawasandutsa loko wa pakhomo.

Tsiku lina, Lachitatu, masewero atafika pokoma, ndinangoona anzanga onse akhala chete. Kucheuka, azakhali ako awa, dengu pamutu, mwana kumsana. Anatula dengu, anayala kansalu pambali pa bawo, anatulutsa nsima, nkhwani wotendera ndi timatemba. Anagwada mwaulemu wonse, kundithirira madzi m'manja, anthu khumi ndi awiri akuonerera. Atatero anati, "Bambo, ndamva kuti munasamukira kuno. Idyani ikadali yotentha. Bulangete ndibweretsa mawa."

Sekani, sekani. Lero n'zoseketsa. Tsiku limenelo ndinalakalaka nthaka itang'ambika ndilowemo. Mpaka ena mwa anthu aja anamwalira akunditchulabe kuti a Bulangete.

Tsono mverani uchitsiru wa mwamuna. M'malo mochita manyazi ndi khalidwe langa, ndinakwiya kuti andichititsa manyazi. Sabata ziwiri osawalankhula. Nyumba ya zipinda ziwiri, koma tinkadutsana ngati anthu a pa depoti. Mchere ndinkapempha kudzera mwa mwana. Sabata yachitatu ndinapeza pakhomo pali zii, atenga ana onse atatu kupita kwawo ku Chiradzulu, m'mwezi wa Julaye, nthawi imene kumunda kulibe chochita. Pamenepo ndi pamene ndinadziwa kuti madzi sabwera okha mumtsuko.

Ankhoswe anakhala pansi. Ine ndinakonzeka bwinobwino, mlandu wanga unali woti mkazi wandinyoza pagulu, pamene ine ndimafera banja ku ntchito. Ndinalankhula nthawi yaitali, monga mukundionera leromu. Atafunsidwa iwo, sanakweze mawu. Anangoyala tsiku lawo ngati mphasa. Kudzuka 4 koloko kukaima pamzere wa madzi. Kukazinga zitumbuwa zokagulitsa pasukulu. Kuchapa, kuphika, kuthamangitsa ana. Novembala akafika, kukwera basi kukadzala kumudzi, kubwerera, kupitanso kukapalira, kukabandira, mwana ali kumsana. Chaka cha chilala cha 1992, munda utapsa, anali iwo ogona pamzere wa chimanga chachikasu chija. Pomaliza anati, "Bambowa akatopa, mwezi ukatha amawalipira. Ine ndikatopa, wondilipira ndani?"

Ndinasowa poyika maso. Koma chimene chinandilasa si chimenecho. Nkhoswe yawo, malemu achimwene awo, anandifunsa kuti, "Alamu, mlongo wangayu munamuonera kuti poyamba?" Ndinati ku tchalitchi, akuimba kwaya. "Nanga anasiya liti kuimba?" Abale anga, sindinadziwe kuti anasiya. Anasiya mu 1987, atabadwa mwana wachiwiri, chifukwa kwaya inkaphunzira madzulo ndipo panalibe wotsala ndi ana. Zaka zisanu ndi chimodzi. Ine ndinali ndi mtengo wanga wa mango wokapumirako, iwo kopumira kwawo ndinawalanda osazindikira n'komwe, pamene mawu amenewo ndi amene anandikokera kwa iwo.

Atabwerera ku kwaya, mawu okwera aja anali atapita. Anawaika kumbuyo, kwa oimba mawu achiwiri, ndipo ali komweko mpaka lero. Pepani ndinanena, ndipo ndimanenabe, koma pepani sapoletsa chilonda. Lamulungu lililonse ndikawaona aima mzere wakumbuyo, ndimadziwa amene anawaimika pamenepo.

Musalire mayi, zodzoladzola zingachoke, ajambuli adula kale.

Iwe mphwanga, ndikudziwa za mpira wako. Bullets ikamasewera ndi Wanderers sumva ngakhale kuitana kwa moto. Pamwamba pa apo pali wa ku England, woyamba mu Ogasiti n'kutha mu Meyi. Ndiye mkazi wako umusiyira Juni ndi Julaye basi? Sindikukuletsa. Mwamuna wopanda kopumira amasanduka kambuku m'nyumba, ndipo mkazi ndi chimodzimodzi. Ndikuti uzinena kumene uli, uzinena nthawi yobwera, ndipo nthawiyo izikhala yomweyo. Tsiku limene udzanene kuti uli ku ntchito pamene uli ku mpira, ndidzabwera ndekha ndi ndodo iyi. Bodza laling'ono limenelo ndi limene limatsegulira njira mabodza aakulu. Ndipo mayiwa ndamva amaponya ntchemberembaye Loweruka. Mwana akadzabwera, Loweruka limenelo mwanayo ndi wako. Thewera silinaphepo mwamuna. Chaka chilichonse uzidzifunsa kuti, kodi mkazi wanga wasiya chiyani chimene ankachikonda ndisanamutenge? Ukapeza yankho, usadikire ankhoswe.

Inunso mayi, musaganize kuti mwapulumuka. Kuchipatala mumamwetulira odwala, mumapirira achibale awo okalipa, mumaima usiku wonse. Zabwino. Koma musamagawe ndiwo zonse kunja, mwamuna n'kumupatsa mphika woti anyambite. Ndipo akakufunsani kuti chavuta n'chiyani, musamati palibe pamene nkhope ikuti chilipo. Amuna a mtundu wathu ndi ogontha, ukati palibe amakhulupirira n'kugona. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Azakhali anu anakhala chete zaka zisanu ndi chimodzi, akanayankhula chaka choyamba mwina bwenzi... Eee, akundiyang'ana. Chabwino, wolakwa ndinali ine ndekha, tapitirira.

Muphunzire nyengo za mnzanu monga mlimi amadziwira mitambo. Dzinja likafika, udzudzu wachuluka, mawodi amadzaza ndi ana a malungo. Imeneyo ndi nyengo ya fodya ya mkazi wakoyu. Akabwera m'mawa maso ali psuu, usamufunse za malaya osasita, sita wekha, manja uli nawo. Iwenso masiku otseka mabuku akafika, mayiwa adziwe kuti mutu wako uli ndi manambala, nkhani ya makatani idikire. Choopsa ndi pamene nyengo ziwirizi zakumana sabata imodzi. Pamenepo idyani mazira ndi tomato, gonani, musaweruze mlandu uliwonse.

Chaka nachonso chili ndi misampha yake. Januwale ndi mwezi wa mikangano. Khirisimasi yadya ndalama, fizi ikufunika, kumudzi akufuna feteleza wobereketsa. Febuluwale nkhokwe zauma, foni imalira mbali zonse ziwiri, kwanu ndi kwawo. Zimenezi zimabwera chaka chilichonse pa nthawi yake, koma mabanja amadabwa nazo ngati kadamsana. Muzikambirana mu Meyi, chimanga chikadali chotchipa, kuti thumba ili n'la kuno, ili n'la uko. Masika akatha, Loweruka lililonse ndi chinkhoswe kapena ukwati, perekaniperekani mpaka matumba mbee. Simungavine paliponse, sankhani. Wa lero wokhawu ndiye sitinalakwitse kubwera. Okutobala, dzuwa lili phwee, tulo tosagoneka, mitima imapsa msanga. Mawu olemera muziwasunga mpaka kugwe chizimalupsa.

Pali kanthu kena kamene tinapangana pambuyo pa mlandu uja, ndipo katisunga zaka zonsezi. Munthu akangolowa pakhomo, asakumane ndi mlandu pachitseko. Akhale pansi, avule nsapato, amwe madzi. Za mayunitsi a magetsi amene atha, za mwana amene waswa galasi la aneba, zidikire asambe kaye. Koma naye wolowayo, akasamba, atuluke m'bafa ali mwamuna wa pakhomo, bwana wake amusiye mu ndowa momwemo. Ife tinali ndi mwayi, bwana ankathera pageti. Inu mabwana anu mumayenda nawo m'thumba, 9 koloko usiku akulemba pa WhatsApp. Nthawi ya nsima foni izikhala kuchipinda. Ofesi siidzagwa chifukwa wadya mitanda iwiri mwamtendere. Ine ndinapereka zaka zanga zonse za mphamvu ku mabelo, tsiku lopuma anandipatsa wotchi ya pakhoma, sabata yotsatira pampando panga panali mnyamata wina. Wondipaka mankhwala m'mawondomu usiku ndi mayi awa amene ndinkawauza kuti ndatopa.

Za ana sindinena, Mulungu ndiye amapereka, ndipo wina asakupanikizeni ndi mafunso. Za pemphero abusa anena kale, ndipo anena bwino kuposa ine.

Mnyamata iwe, bweretsa kuno kathumbako. Ili ndi bawo langa. Mlandu utatha ndinakagula langalanga kwa mmisiri ku Ndirande, ndinaliika pakhonde, ndi kuwaphunzitsa azakhali ako. Kumeneko ndiye kunali kulakwitsa kwanga kwachiwiri, chifukwa chisanathe chaka anayamba kundidya nkhomo zonse ana akuombera m'manja. Nkhomo ziwiri zinasowa, zidzukulu zinataya, m'malo mwake muli timiyala, musadabwe. Landirani ndi manja awiri, nonse. Likakhale pakhonde panu, osati pansi pa mtengo wa eni.

Mayi, ndasiyapo chiyani? Akuti ndikhale pansi, mpunga ukuzizira.